Mafunso Anu pa Zagalimoto: Nyali Zakutsogolo Zikachita Chikasu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza nyali zakutsogolo za galimoto, ndipo zimenezi n'zosadabwitsa chifukwa galimoto zochuluka zimene zikuyenda m'misewu yathu zinabwera kuchokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito zaka zingapo, kenako n'kudzakumana ndi dzuwa komanso fumbi la kuno. Tasankhapo makalata asanu, ndipo loyambalo taliyankha motalikirapo chifukwa ndi limene lili ndi ntchito yeniyeni.

FUNSO: Ndili ndi Toyota Vitz ya 2009 imene ndimayendera pakati pa Kasungu ndi Lilongwe, kawirikawiri madzulo ndikaweruka kuntchito. Nyali zake zachita chikasu ndipo zangoti mbuu, moti usiku wanjinga ndimamuona nditamufika kale pafupi. Ndinasintha mababu koma palibe chimene chinasintha. Wogulitsa zipangizo wina akuti ndigule nyali zina, koma mtengo wake sindingaukwanitse pakali pano. Kodi pali chimene ndingachite ndekha pakhomo? Ndine wowerenga wa ku Kasungu.

YANKHO: Bambo, chilipo, ndipo ndi ntchito imene mungaigwire Loweruka limodzi, koma ndiloleni ndiyambe ndafotokoza chimene chawonongeka, chifukwa munthu akachimvetsa sataya ndalama pa zinthu zosathandiza. Galimoto zakale zinali ndi nyali zagalasi, ndipo galasi silichita chikasu ngakhale litakhala padzuwa zaka zambirimbiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, makamaka pofika m'ma 1990, makampani opanga galimoto anayamba kugwiritsa ntchito pulasitiki yotchedwa polycarbonate, poona kuti ndi yopepuka, sisweka wamba mwala ukaigenda, komanso imaumbika mosavuta. Pulasitiki imeneyi ili ndi zofooka ziwiri: imakandika msanga ndiponso imawonongeka ndi cheza cha dzuwa cha mtundu wa UV. N'chifukwa chake kufakitale amaikuta ndi utoto wopyapyala, wolimba, woonekera mkati, umene ntchito yake ndi kutchinga cheza chimenechi. Pakapita zaka, utoto uja umatha mphamvu, umayamba kukakala ndi kusupuka, ndipo pulasitiki yapansi pake imayamba kupsa ndi dzuwa. Chikasu chimene mukuchionacho ndi utoto wakufawo pamodzi ndi pamwamba pa pulasitiki pamene papsa, ndiye ngakhale mutatsuka ndi sopo wamtundu wanji sichingachoke.

Nkhaniyi musaitenge ngati yongokongoletsa galimoto ayi. M'chaka cha 2018, bungwe la American Automobile Association la ku America linayesa nyali zochita chikasu ndipo linapeza kuti zinkatulutsa kuwala kokwana 22 peresenti yokha poyerekeza ndi nyali zatsopano. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, tsono taganizirani za msewu wa M1 usiku, mmene mumakhala akabaza opanda nyali, ngolo, mbuzi ndi anthu ochokera kumsika atasenza katundu. Mamita amene nyali zanu zakubisirani ndi omwewo amene mukanaponderapo mabuleki.

Musanagule chilichonse, tsukani nyaliyo ndi madzi a sopo n'kuiyang'ana ikadali yonyowa. Ikamaoneka bwino ili yonyowa n'kubwerera mbuu ikauma, ndiponso mukamamva kukakala poyendetsapo chala, dziwani kuti vuto lili kunja ndipo likonzeka. Koma mukaona timing'alu ting'onoting'ono tolowa mkati mwa pulasitiki, timene timanyezimira mukayatsa nyali, kapena mukaona kuti mbale yonyezimira yam'kati yada kapena yasupuka, pamenepo wogulitsa uja wanena zoona, chifukwa kupala kunja sikungafike kumeneko.

Chofunika kwambiri ndi sandipepala wogwiritsa ntchito ndi madzi, uja wakuda kapena wotuwa amene opopera penti amagwiritsa ntchito, osati wofiirira wa akalipentala. Kumbuyo kwake kumalembedwa nambala, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti sandipepalayo ndi wosalala kwambiri. Mugule wa 600, 800, 1000, 1500 ndi 2000, ndipo wa 3000 akapezeka mutengenso. Wa 400 ngwofunika pokhapokha ngati utoto wakale uli zigambazigamba ndipo ukukana kuchoka. Mufunikanso tepi yamapepala imene opopera penti amatchingira, ndowa ya madzi oyera othiramo madontho ochepa a sopo wotsukira mbale, nsalu zofewa zaukhondo, polishi wa penti ya galimoto, ndiponso mankhwala oteteza ku dzuwa amene ndiwafotokoze kumapeto. Ngati chomalizachi simunachipeze, ndibwino kudikira kaye osayamba ntchitoyo.

Imikani galimoto pamthunzi, pamalo opanda fumbi, nyali zitazizira. Tsegulani boneti kuti m'mphepete mwa pamwamba mufikike, kenako matani tepi mizere iwiri kapena itatu kuzungulira nyali yonse, pabampala ndi m'mbali momwe, chifukwa sandipepala akangopsompsona penti kamodzi kokha amasiya chipsera chimene chingakudyereni ndalama zoposa za nyaliyo. Viikani sandipepala m'madzi kwa mphindi 10 kapena 15 kuti afewe, ndipo mumupinde pa kachidutswa ka siponji kapena ka labala kuti zala zanu zisakumbe timigula pa pulasitiki.

Yambani ndi wa 600, mukupala mopingasa, kuchoka kumanzere kupita kumanja, mosakanikiza kwambiri, uku mukuthira madzi nthawi zonse. Poyamba madzi otsika pabampala adzakhala achikasu kapena ofiirira, umene uli utoto wakufa uja ukuchoka. Pitirizani mpaka madziwo asanduke oyera ngati otsukira mpunga, chifukwa chimenecho ndicho chizindikiro chakuti mwafika pa pulasitiki yamoyo. Pukutani nyaliyo iume, muiyang'ane mwachifatse muli chapambali. Iyenera kukhala yoyera mofanana paliponse, yosaoneka mkati, yopanda kadera konyezimira kapena kachikasu. Anthu ambiri amachita mantha akafika pamenepa, poona kuti nyali yaipa kuposa mmene inalili, koma mmenemo ndi mmene iyenera kuonekera. Kadera kalikonse konyezimira ndi utoto wakale umene watsalira, ndipo umakonda kubisala m'makona ndi m'mphepete mwa pamwamba. Ubwerereni mpaka uchoke. Gawo limeneli ndi limene limadya nthawi yambiri pa ntchito yonse, ndipo amene amalithamangira amadzaona zigamba kumapeto, pamene kukonza kwake n'kuyambiranso.

Mukakhutira, tsukani nyali, tayani madzi a m'ndowa n'kutunga ena, chifukwa kamchenga kamodzi kotsalira kangakande zonse zimene mwasalaza. Tengani wa 800 ndipo tsopano mupale choimirira, kuchoka pamwamba kutsika pansi. Kusintha mbali kumeneku kuli ndi cholinga: mukapukuta n'kuona kuti timizere topingasa tonse tatha ndipo tatsala toimirira tokha, mwadziwa kuti sandipepala ameneyu wamaliza ntchito yake. Chitani chimodzimodzi ndi wa 1000, 1500 ndi 2000, mukusinthasintha mbali ndiponso osadumpha nambala, popeza sandipepala wosalala sangafafanize timizere takuya timene wokakala anasiya. Pofika pa 2000 kapena 3000 mudzayamba kuliona babu mwachizimezime. Mukatero ikani polishi pang'ono pansalu yofewa n'kukwecha mwamphamvu mozungulira, kadera kamodzi pa nthawi, mpaka nyali iwale. Amene ali ndi makina opukutira awayendetse pang'onopang'ono osaima pamalo amodzi, chifukwa pulasitiki ikatentha imafewa n'kusiya banga losachoka.

Tsopano tafika pamene ndikufuna mumvetsetse kuposa pena paliponse. Nyali imene mwaiwalitsayo ilibenso chitetezo chilichonse, chifukwa utoto wa kufakitale mwauchotsa wonse. Mukaisiya choncho, dzuwa la mu Okutobala lidzaibwezera chikasu m'miyezi yochepa, ndipo kawirikawiri imadzaipa msanga kuposa poyamba. Pali njira ziwiri zodalirika. Yoyamba ndi mankhwala opaka ndi kansalu amene amapangidwira nyali, olembedwa kuti amateteza ku UV, amene amapezeka paokha kapena m'mapaketi okonzera nyali monga a 3M, Meguiar's ndi Turtle Wax. Musanawapake, chotsani mafuta onse a polishi ndi sopo kapena ndi spiriti yotchedwa isopropyl alcohol, nyali iume gwa, kenako pakani mosabwerezabwereza pamalo amodzi ndipo mutsatire zimene zalembedwa papaketi za nthawi youmira. Galimoto isanyowe kapena kulowa m'fumbi tsiku limenelo. Mankhwala otere amatha mphamvu pakapita chaka kapena kupitirirapo pang'ono, choncho muzidzapakanso.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikhulupirira kwambiri kwa galimoto yogona panja ngati zambiri za kuno, ndi kupopera utoto woonekera wa mtundu wa 2K, womwe uja amamalizira popenta galimoto, umene amausakaniza ndi mankhwala oulimbitsa. Umenewu umakhala zaka zingapo. Mukasankha njira imeneyi, lekezani kupala pa sandipepala wa 800 ndipo musapake polishi m'pang'ono pomwe, chifukwa utotowo umafuna timizere toti ugwirepo, ndipo ndi womwewo umene umadzaza timizereto n'kuiwalitsa nyali. Komabe utoto wa 2K uli ndi mankhwala otchedwa isocyanate amene amawononga mapapo, ndipo kansalu kotchinga pamphuno sikangakutetezeni. Langizo langa ndi lakuti mupale nokha pakhomo, kenako mupite kwa wopopera penti wodziwa ntchito yake, wokhala ndi chovala chakumaso choyenera, kuti akamalize. Mumupemphe kuti ayambe ndi kupopera mopepuka, adikire pang'ono, kenako abwerezenso, chifukwa utoto wothiridwa wambiri nthawi imodzi ukhoza kuyenderera kapena kung'alula pulasitiki. Vanishi wa matabwa musamuyese, amachita chikasu yekha n'kusupuka.

FUNSO: Mnyamata wotsuka galimoto anandikwechera nyali za Honda Fit yanga ndi mankhwala otsukira mano, ndipo zinawala bwino ndithu, koma mwezi usanathe zinabwerera mwakale. Anzanga ena akuti ndiyese mafuta a mabuleki, ena akuti mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, enanso akuti thina wosungunulira penti. Ndimvere ziti? Ndine mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, mnyamatayo sanakunamizeni, kungoti anagwira kachigawo kakang'ono ka ntchito yonse. M'mankhwala otsukira mano muli tinthu tokhakhala pang'ono, monga silica, timene timachotsa zomatirira m'mano, ndipo timeneti timatha kupala pamwamba penipeni pa nyali imene yangoyamba kumene kuchita mbuu. Pa nyali imene yapsa kwambiri mphamvu yake ndi yochepa, ndipo popeza palibe choteteza chimene chimapakidwa pambuyo pake, dzuwa limangopitiriza pamene linalekeza. Sawononga kanthu, choncho mukhoza kuwagwiritsa ntchito ngati muli ndi ulendo wausiku mawa lake ndipo mulibe china.

Zitatu zinazo ndikukupemphani kuti muzitalikire. Mankhwala ambiri othamangitsa udzudzu ali ndi DEET, amene amasungunula pulasitiki. Nyali imaoneka ngati yawala chifukwa pamwamba pake pasungunuka, koma pamatsala ponata, pamagwira fumbi, ndipo madontho akagwera pabampala amawononga penti. Mafuta a mabuleki nawonso amadya penti, ndipo makaniko aliyense angakuuzeni kuti akatayikira pagalimoto amathamangira madzi. Thina ndi acetone ndiye zoopsa kwambiri pa polycarbonate, chifukwa zimatha kuiyeretsa mbuu nthawi yomweyo kapena kuiyambitsa timing'alu tam'kati timene sitichoka ngakhale mupale bwanji. Mafuta opopera ngati WD-40, kapena ophikira amene ena amapaka akafuna kugulitsa galimoto, amangodzaza timizere kwa masiku ochepa, ndipo mvula ikagwa kapena galimoto ikatsukidwa nyali imabwerera mmene inalili. Amene mukugula galimoto kwa munthu, yendetsani chala panyali, mukamva kuterera kwa mafuta mudziwe kuti pabisidwa kanthu.

Palinso njira ina imene yafala pa intaneti, yotenthetsa mankhwala m'kaketulo kuti nthunzi yake iwombe panyali yopalidwa kale. Imawalitsadi mofulumira chifukwa nthunziyo imasungunula pamwamba pa pulasitiki, koma ndi yoipa kuipuma, ndipo ine sindingailimbikitse kwa munthu wogwirira ntchito pakhonde pamene ana akusewera pafupi.

FUNSO: Ndimayendetsa Toyota Sienta yonyamula anthu pakati pa Limbe ndi Thyolo. Nyali yakumanzere imachita nthunzi m'kati, makamaka nthawi ya chiperoni, ndipo nthawi zina ndimaona madontho. Kodi sandipepala angathandize? Ndine dalaivala wa ku Bvumbwe.

YANKHO: Achimwene, apa sandipepala alibepo ntchito chifukwa vuto lanu lili m'kati. Nyali ya galimoto sinatsekedwe kotheratu, ili ndi timabowo topumira kumbuyo kwake, nthawi zambiri tokhala ndi timapaipi ta labala topindika, kuti mpweya wotentha uzituluka. Kanthunzi kochepa kooneka m'mawa kozizira kapena mukangotsuka galimoto, kamene kamatha mukayenda mutayatsa nyali kwa kanthawi, si vuto ayi. Koma madontho oyenderera, kapena madzi odikha pansi pa nyali, akusonyeza kuti pali polowera. Yambani mwaona chivundikiro cha labala cha kumbuyo kwa babu, chifukwa kawirikawiri chimakhala kuti chinang'ambika kapena sichinabwezeredwe bwino tsiku limene babu linasinthidwa. Onaninso ngati timabowo topumira sitinatsekeke ndi matope kapena zisa za tizilombo, kenako muyang'ane mzere umene pulasitiki yoonekera imalumikizana ndi chikombole chakuda, makamaka ngati galimotoyo inagundidwapo mbali imeneyo.

Poumitsa, chotsani babu ndi chivundikiro chake n'kuisiya galimoto pamalo ouma, otentha bwino kwa maola angapo, ndipo ngati madzi ndi ambiri ndibwino kumasula nyali yonse kuti muwakhuthule. Mukapeza potayikira pamzere uja, yeretsanipo n'kumatapo ndi zomatira za butyl kapena silikoni, koma timabowo topumira musatitseke. Musalowetse nsalu kapena waya m'kati kuti mupukute mbale yonyezimira, chifukwa kunyezimira kwake ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri amene amachoka ngakhale ndi chala. Pobwezera babu la halogen, lija lagalasi lokhala ndi kawaya m'kati, musaligwire pagalasi ndi manja, popeza mafuta a m'zala amalipangitsa kupsa msanga. Musazengereze nayo ntchitoyi, chifukwa madzi akakhalitsa amadetsa mbale ija, ndipo ikada nyaliyo yatha.

FUNSO: M'malo movutika ndi zopalapala, bwanji ndingoika mababu a 100W kapena a LED owala kwambiri? Komanso kodi nyali zachikasu zingandilepheretse kupeza COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu? Ndine wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Bambo, babu lowala kwambiri kumbuyo kwa pulasitiki yambuu limawonjezera vuto. Nyali yabwino imasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pamsewu, pamene pulasitiki yokakala imakumwaza mbali zonse, kuphatikizapo m'maso mwa dalaivala amene akubwera kutsogolo kwanu. Mukawonjezera mphamvu ya babu, inuyo mumangoona pafupi pokha pakuwala kwambiri, pamene mnzanuyo mwamuthobwa m'maso pamsewu wopapatiza, wokhotakhota ngati wa ku Chiweta. Babu la halogen la mtundu wa H4 limene galimoto zambiri zimabwera nalo ndi la 60/55W, ndipo mawaya, masoketi ndi mbale yonyezimira zinapangidwa molingana ndi kutentha kwa babu limenelo. La 100W limatha kusungunula soketi ndi kuwaula mbale. Mababu a LED oikidwa m'nyali imene inapangidwira halogen nthawi zambiri satulutsira kuwala pamalo enieni pamene kawaya ka babu lakale kanali, choncho kuwalako kumabalalika ngakhale pulasitiki ili yoyera.

Za COF, amene amayeza galimoto m'malo ovomerezeka ndi nthambi yoona za pamsewu amayang'ananso nyali, ndiye ndi nzeru kuzikonza musanapite. Mukamaliza kuziwalitsa, imikani galimoto pamalo athyathyathya usiku moyang'ana khoma, pa mtunda wa mamita 10, n'kuyatsa nyali zapafupi. Malire a kuwala pakhomapo ayenera kukhala m'munsi pang'ono, pafupifupi masentimita 10, poyerekeza ndi kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, ndipo nyali ziwirizo zikhale zofanana. Ngati ina ikuloza kumwamba, kumbuyo kwake kuli zomangira zoitsitsira, ndipo makaniko angakukonzereni m'mphindi zochepa.

FUNSO: Galimoto yanga yangolowa kumene kudzera pa Songwe ndipo nyali zake zikadali zoyera. Ndizisamale bwanji? Ndine mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, musazipale ndipo musalole aliyense kuzikwecha ndi polishi wokakala, chifukwa utoto wa kufakitale umene ulipowo ndi wolimba kuposa uliwonse umene mungadzapake pambuyo pake. Muziimika galimoto pamthunzi ngati n'kotheka, ndipo kuntchito, kumene imakhala tsiku lonse, muziiyang'anitsa kumbali imene dzuwa silimenya nyali mwachindunji. Potsuka muziyamba mwathira madzi ambiri kuti fumbi litsike, chifukwa kupukuta nyali youma ndi chiguduli m'nyengo ya fumbi kumaikanda tsiku ndi tsiku. Sopo waufa wochapira zovala ngwamphamvu kwambiri, gwiritsani ntchito sopo wa galimoto ndi nsalu yofewa, ndipo tizilombo tofera panyali ndi zitosi za mbalame muzizichotsa tsiku lomwelo. Pakatha miyezi itatu iliyonse pakani phula la galimoto kapena mankhwala oteteza ku UV, ndipo ngati mungapeze pulasitiki yomata yoonekera imene amatetezera penti, imatetezanso nyali ku dzuwa ndi ku timiyala ta m'misewu yafumbi, bola ikhale yopanda mtundu ndipo aimate munthu woidziwa.